Kukhala chete sikuvomereza: momwe amayezera maganizo a anthu pa utsi wa fodya

Mu 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la mayiko lochepetsa kusuta fodya, lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mu 2003 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2005. Tinabwera mochedwa, mayiko ambiri a mu Africa atalowa kalekale, ndipo chifukwa chake sichobisika. Fodya wakhala akutibweretsera pafupifupi theka la ndalama zakunja, ndipo wokhala ku Limbe safunika kuuzidwa mmene tauni imachangamukira malole a mabelo akayamba kundanda ku okushoni. Komabe tinalowa, ndipo gawo 8 la panganolo likulamula boma kuteteza anthu ku utsi wa fodya m'malo antchito, m'magalimoto onyamula anthu ndiponso m'nyumba zomwe anthu amasonkhanamo. Pa nthawi yomwe timalowa tinalibe lamulo limodzi la dziko lonse lokhudza malo onsewa. Ndiye tsiku lomwe bilo yotere idzakambidwe m'Nyumba ya Malamulo, phungu aliyense adzadzifunsa ngati anthu a kudera kwake akuzifuna zimenezi. Eni mabala nawo adzati makasitomala athawa. Mbali zonse zidzabwera ndi manambala, choncho ndi bwino kudziwiratu kumene manambala oterewa amachokera.

Ochita kafukufuku amayeza zinthu ziwiri zomwe ambirife timaziphatikiza. China ndi kulolera, kutanthauza zomwe munthu wosasuta amamva ndi kuchita wina akamasuta pafupi naye. Chinacho ndi kugwirizana ndi lamulo, ngati akufuna boma liletse kusuta m'malo akutiakuti. Zimamveka ngati funso limodzi. Koma mu Blantyre muno mupeza mayi amene angavomere ndi mtima wonse kuti kusuta m'malo odyera kuletsedwe, mayi yemweyo n'kumagona m'chipinda chomwe bambo a kunyumba amasutiramo usiku uliwonse, osalankhulapo kanthu. Mukangomva yankho lake pa za lamulo, mulemba kuti salolera utsi. Mukangoyang'ana zochita zake, mulemba kuti alibe nawo vuto. Konsekonse mwaphonya.

Za kuipa kwa utsiwo palibenso mkangano pakati pa asayansi. Mu 1981 katswiri wa ku Japan, Takeshi Hirayama, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo okwatiwa ndi osasuta. Makampani a fodya analimbana nazo kwa zaka zambiri, koma ofufuza ena anapezanso zomwezo. Lipoti la mkulu wa zaumoyo m'boma la America la mu 2006 linati munthu wosasuta amene amapuma utsi kunyumba kapena kuntchito chiopsezo chake cha matenda a mtima chimakwera ndi 25 mpaka 30 peresenti, cha khansa ya m'mapapo ndi 20 mpaka 30 peresenti, ndipo palibe mlingo wa utsi womwe tinganene kuti uwu ndi wosavulaza. Kwa ana ndiye mphumu, chibayo, matenda a m'khutu ndi imfa yadzidzidzi ya makanda ali mtulo. WHO imawerengera kuti anthu osasuta oposa miliyoni imodzi amafa chaka chilichonse ndi utsi wa anzawo.

Mafunso ambiri omwe akufunsidwa masiku ano anachokera ku kafukufuku wa mitundu iwiri yemwe WHO ndi bungwe lolimbana ndi matenda la CDC la ku America anakonza kuti mayiko azifunsa mofanana. Wa achinyamata, wotchedwa GYTS, anayamba mu 1999 ndipo amafunsa ana a sukulu a zaka 13 mpaka 15. Anachitikapo m'sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kubwerezedwa m'dziko muno mu 2005 ndi 2009. Mwana amafunsidwa kuti pa masiku 7 apitawa ndi masiku angati omwe munthu anasuta m'nyumba mwawo iye ali pomwepo, kenako ngati akugwirizana ndi zoletsa kusuta m'malo osonkhanamo anthu. Wa akuluakulu, GATS, anayamba mu 2007. Ameneyu amafunsa ngati m'masiku 30 apitawa munthu anapita ku ofesi ya boma, kuchipatala, kumalo odyera kapena anakwera galimoto yonyamula anthu, ndipo ngati m'menemo wina anasuta. Safunsa kuti kodi mumakumana ndi utsi kawirikawiri, chifukwa kawirikawiri wa mayi wogulitsa mandasi pa Wenela ndi wosiyana ndi wa kalaliki wa kubanki. Funso amalimangirira ku malo ndi masiku owerengeka kuti munthu akumbukire chinthu chomwe chinachitikadi.

Funso la GATS lomwe limaulula zambiri ndi la malamulo a m'nyumba. Munthu amasankha chimodzi mwa zinayi: kusuta m'nyumba n'kololedwa, n'koletsedwa koma nthawi zina timalola, n'koletsedwa zivute zitani, kapena palibe lamulo lililonse. Kwathu kuno nkhani yonse yagona pa yankho lachiwirilo. Apongozi afika kuchokera kumudzi, adya nsima, akhala pampando n'kuyamba kupichira chingambwe papepala. Ndani m'nyumbamo adzuke n'kunena kuti, "Bambo, mukasutire panja"? Palibe. Mlendo ndi mame, timatero, mawa apita. Mtengwa amangotsegula zenera n'kutuma ana kukasewera. Nyumba imeneyi pa pepala ndi yosasutiramo. Yankho lachinayi nalo lili pawiri: ena alibe lamulo chifukwa palibe wosuta amene anabwerapo, ena alibe chifukwa wosutayo ndiye mwini nyumba ndipo ndiye amaika malamulo. Kompyuta imawawerenga onse pamodzi.

Palinso chinthu chomwe funsoli silingachione. M'nyumba za mdadada ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe, momwe zipinda za lendi zimagundana ndipo siling'i mulibe, khoma limalekera m'munsi mwa malata. Neba akayatsa ndudu pakati pa usiku, utsi umadutsa pamwamba n'kutsikira pa neti ya mwana wanu. Banja lotere liyankha moona mtima kuti muno kusuta n'koletsedwa zivute zitani, koma mwana akutsokomolabe. Wofufuza amene amaudziwa mzindawu ayenera kuwonjezera funso la utsi wochokera kwa oyandikana nawo.

Kulolera kwenikweniko sikuyezedwa ndi funso limodzi. Amagwiritsa ntchito njira yomwe Rensis Likert anaiyambitsa mu 1932: wofunsa amawerenga chiganizo, munthu n'kusankha pakati pa mayankho asanu, kuyambira ndikuvomereza kwambiri mpaka ndikukana kwambiri, pakati pali sindili mbali iliyonse. Ziganizo zimakhala zingapo. China chikhoza kukhala chakuti ndikhoza kudyera patebulo limodzi ndi munthu amene akusuta. China, wina akayatsa ndudu pafupi ndi mwana wanga ndimamuuza kuti azimitse. China, utsi wa panja sundisowetsa mtendere. Yankho lililonse lili ndi nambala yake, ndipo akaphatikiza manambalawo amapeza mlingo wa munthuyo. Asanadalire mndandanda wa ziganizozo amayamba auyesa pa anthu ochepa, n'kuona ngati mayankho akuyendera limodzi, kenako n'kubwereranso kwa anthu omwewo patapita masabata awiri kapena kuposerapo. Ngati munthu yemweyo lero akuoneka wolekerera, mawa waukali, vuto lili ndi mafunso osati iye. Ziganizo zina amazitembenuza dala, kuti amene akungoti eya pa chilichonse adzitsutse yekha n'kudziwika.

Vuto langa ndi mindandanda yambiri yotere ndi loti imasonkhanitsa zinthu zitatu kukhala nambala imodzi: kunyansidwa ndi utsi, kudziwa kuti ndi woopsa, ndi kukhala ndi mphamvu yolankhula. Chachitatuchi sichili mumtima mwa munthu, chili pa malo pomwe wakhala komanso pa amene akusutayo. Taganizirani minibasi yochoka ku Limbe kupita m'tauni. Wina kumbuyo angoyerekeza kukhwatcha machesi, minibasi yonse imamutembenukira. "Achimwene, muno muli ana, tazimitsani." Kondakitala naye amathira ndemanga: "Madala, mukasutire kwanu, apo ayi mutsike pa Chichiri pompano." Palibe wapolisi, palibe chikwangwani, koma ndudu imazima. Bambo yemwe anakweza mawu kwambiri m'minibasimo madzulo ake akakhala maola atatu m'bala ya ku Kamba, utsi uli tolo, akuonera mpira, osadandaula. Munthu ndi yemweyo, mphuno ndi zomwezo. M'minibasi ali ndi gulu kumbuyo kwake. M'bala aliyense amadziwa kuti wodandaula ndiye amene auzidwe kuti atuluke.

N'chifukwa chake mafunso abwino amatchula malo limodzilimodzi, ndiponso amatchula wosutayo. Mungamuuze kuti azimitse ngati ndi mnyamata wosamudziwa? Nanga ngati ndi bwana wanu? Amalume anu? Kasitomala amene akugula mowa wambiri? Apa m'pamene pamaonekera anthu amene amapuma utsi wochuluka kuposa aliyense koma mawu awo ndi ochepa kuposa a aliyense: atsikana operekera zakumwa, anyamata a pakauntala, oyeretsa, alonda. Womwa mowa amasankha yekha kulowa, ndipo akafuna amatuluka. Woperekera amakhalamo mpaka wotsiriza atalipira, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mukamufunsa ngati utsi umamuvuta, ayankha kuti, "Aaa, tinazolowera, bwana." Wofunsa waulesi alemba kuti amalolera. Wofunsa wanzeru apitiriza: mutapeza ntchito ya malipiro omwewa pamalo osasutirapo, mungasankhe iti? Yankho la funso lachiwirili ndilo lofunika kwa aphungu, popeza lamulo la ku mayiko ambiri linadutsa ngati loteteza antchito, osati lolanga osuta.

Mbali ya kugwirizana ndi lamulo ili ndi vuto lotembenuka: manambala ake amakonda kukwera mopitirira. Wofunsa wafika pakhomo atavala chiphaso pakhosi, tabuleti ili m'manja, wanena kuti wachokera ku zaumoyo. Munthu wolemekeza alendo amadziwiratu yankho lomwe mlendoyo akufuna, ndipo amamupatsa. Ena amaganiza kuti kumbuyo kwa mafunsowo kuli kulemba mayina a thandizo, ndiye safuna kuoneka ovuta. Ngati mwamuna wosuta wakhala poteropo akumvetsera, mkazi amayankha molingana ndi nkhope yake. Ofufuza odziwa ntchito amafunsira munthu payekha, amatumiza mkazi kwa akazi anzake, ndipo kwa ana a sukulu amapereka pepala losalembapo dzina, mphunzitsi atatuluka m'kalasi. Amaikanso mtengo pa funso. Kunena kuti mukugwirizana ndi lamulo n'kosavuta. Nanga ngati lamulolo likuti mwini malo alipire chindapusa wina akasutiramo, ndipo mwini maloyo ndi mlamu wanu? Amene atsala akuvomerezabe pamenepo ndiwo mungawadalire.

Kakonzedwe ka chiganizo kamasinthanso zotsatira. Mukafunsa ngati ana atetezedwe ku utsi, pafupifupi aliyense avomera. Mukafunsa ngati boma liletse anthu kusuta, ambiri aima kaye. Ndipo m'dziko lolima fodya muli msampha wina umene wofufuza wa ku Ulaya sangauganizire. Munthu amene sukulu yake inalipiridwa ndi ndalama za fodya wa bale, kapena amene mbale wake amapeza ganyu ku okushoni nyengo ya malonda, akamva za lamulo la fodya amaganiza za kuletsa ulimi. Akana, pomwe akanamvetsa kuti nkhani ndi yosutira m'nyumba zosonkhanamo anthu akanavomera. Funso liyenera kunena poyera kuti silikukhudza kulima kapena kugulitsa tsamba. Ndipo zoona zake n'zakuti fodya wathu pafupifupi yense amapita kunja, kotero bala ya ku Chilomoni ikaletsa kusutira mkati, mtengo wa belo la mlimi wa ku Kasungu susuntha.

Pali funso lina lomwe limakonda kupambana likaikidwa pa mndandanda: kodi pasakhale mbali ya osuta ndi mbali ya osasuta? Anthu amalithamangira chifukwa limaoneka lachilungamo, aliyense apeze pake. South Africa inayenda njira imeneyi, kulola kuti gawo losapitirira kotala la malo likhale la osuta. Koma malangizo a gawo 8 la pangano la WHO lija omwe mayiko anagwirizana mu 2007 anakana zimenezi, ponena kuti mafani, mazenera ndi zipinda zapadera sizichotsa chiopsezo. Zili ngati kukazinga utaka m'nyumba ya mdadada n'kumayembekeza kuti fungo lithera mbali yanu. Choncho owerenga lipoti ayenera kuona ngati anthu omwe akuti akugwirizana ndi lamulo asankha kuletseratu kapena kugawa chipinda. Malipoti ena amaphatikiza magulu awiriwa kuti nambala ikule.

Nanga afunsidwa ndani? Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda wa Blantyre. Simufunika kufunsa onse. Anthu 1,000 osankhidwa mwamaere amapereka nambala yomwe ingaphonye ndi pafupifupi 3 peresenti, kukwera kapena kutsika. Mawu ofunika ndi akuti mwamaere. Mukayenda masana okha, mupeza amayi ndi agogo, abambo ali kuntchito kapena pa bawo. Ku Namiwawa ndi Sunnyside mukumana ndi geti, mlonda ndi galu, ndiye ofunsa otopa amadumpha nyumba zimenezo n'kukadzazitsa mapepala kumene zitseko zili zotsegula. Mavoti a pa Facebook ndi mafoni a pa wailesi ndiye musawawerengere n'komwe. Amayankha ndi amene nkhaniyo yawakwiyitsa ndipo ali ndi mayunitsi.

Komanso osuta m'Malawi ndi ochepa. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu osuta anali pafupifupi 14 peresenti: mwamuna mmodzi mwa anayi, akazi osakwana atatu mwa 100. Motero nambala ya dziko lonse yogwirizana ndi lamulo idzakhala yokwera basi, popeza oyankha ambiri sasuta. Chofunika kwambiri ndi maganizo a osutawo, chifukwa ndi iwo amene adzadzuke pampando kukasutira panja kapena kukana. Pa anthu 1,000 aja osuta angakhale 140 okha, ndipo pa gulu lochepa chonchi kuphonya kumafika pafupifupi 8 peresenti. Wofufuza wosamala amawonjezera dala chiwerengero cha osuta ndi cha antchito a m'mabala, kenako n'kukonza masamu pomaliza.

Popeza pakamwa pamanena zosiyana ndi zomwe mapapo alandira, pali njira zoyezera zomwe sizidalira mawu. Chikonga chikalowa m'thupi, chiwindi chimachisandutsa mankhwala otchedwa cotinine, omwe amapezeka m'malovu, m'mkodzo ndi m'magazi. Theka lake limatuluka m'thupi pa maola pafupifupi 16, choncho kuyeza kumasonyeza utsi wa masiku awiri kapena atatu apitawa. Munthu wosasuta akapezeka nawo, nthawi zambiri ndiye kuti wapuma wa anzake. Mpweya nawo umayezedwa: pali kamakina konyamula m'chikwama komwe kamawerenga tinthu tating'onoting'ono touluka totchedwa PM2.5, ndipo pali kabokosi kokhala ndi sefa komwe amakapachika pakhoma kwa sabata imodzi kapena awiri kuti kakole chikonga.

Njira zimenezi zili ndi misampha yake kuno kwathu. Kamakina ka PM2.5 sikasiyanitsa utsi wa ndudu ndi wa makala. Mu mzinda womwe mabanja ambiri amaphikira pa mbaula, ndipo pakhomo pa bala pali wootcha kanyenya ndi wa chiwaya cha tchipisi, nambala ikwera ngakhale pasapezeke wosuta. Apa kabokosi ka chikonga ndiko kothandiza, chifukwa makala alibe chikonga. Cotinine nayenso amasokoneza. Agogo amene sasuta koma amafwenkha fodya wa m'mphuno kapena kuika pansi pa mlomo apezeka naye wambiri. Ogwira tsamba lonyowa m'munda chikonga chimawalowa kudzera pakhungu. Mukapanda kufunsa zimenezi, muwalemba onse ngati ozunzidwa ndi utsi wa anzawo.

Chinthu chomwe aphungu athu ayenera kuchimva kwambiri chinachokera ku Ireland. Pa 29 Marichi 2004 dzikolo linakhala loyamba kuletsa kusuta m'malo onse antchito, kuphatikizapo mabala, omwe kumeneko ndi gawo lalikulu la moyo wa tsiku ndi tsiku. Ofufuza anafunsa osuta lamulo lisanayambe, n'kubwerera kwa anthu omwewo litayamba. Ogwirizana ndi kuletseratu kusuta m'mabala anachoka pa 13 peresenti kufika pa 46. M'malo odyera kuchoka pa 45 kufika pa 77. Awa ndi osuta eniakewo. Boma la Ireland likanadikira kuti osuta avomere kaye, bwenzi likudikirabe. Anthu amavutika kuganizira chinthu chomwe sanachionepo, ndipo nambala ya lamulo lisanadze imayeza mantha awo kuposa maganizo omwe adzakhale nawo. Ku Scotland, komwe lamulo lotere linayamba mu 2006, ogonekedwa m'zipatala ndi matenda adzidzidzi a mtima anachepa ndi 17 peresenti m'miyezi yotsatira, ndipo ambiri mwa opulumukawo anali osasuta.

Phunziro la zimenezi kwa Unduna wa Zaumoyo, khonsolo ya mzinda ndi ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi la nthawi. Kuyeza koyamba kuyenera kuchitika lamulo lisanadutse, apo ayi sipadzakhala chofanizira. Ndipo pamafunika kusunga njira yowapezeranso anthu omwewo, zomwe ndi ntchito yaikulu mu mzinda womwe wa lendi amasamuka mwezi ukatha ndipo nambala ya foni imasintha ikangotayika.

Ngakhale manambala a kugwirizana atakwera chotani, satsimikizira kuti lamulo likutsatidwa. Uganda inakhazikitsa lamulo lolimba mu 2015, koma ofufuza atayendera mabala ndi malo odyera a mu Kampala anapeza kuti ngakhale eni malo ndi antchito ambiri ankati akugwirizana nalo, m'malo ochuluka munali zizindikiro zoti anthu akusutabe. Kuyeza kwa mtundu umenewu sikufuna funso lililonse. Munthu amalowa ngati kasitomala, amagula chakumwa, n'kuyang'ana ngati pali chikwangwani choletsa, ngati patebulo pali mbale ya phulusa, ngati pansi pali zotsalira za ndudu, ngati wina akusuta ndipo woperekera akumuyang'ana chabe. Mu Blantyre ntchito imeneyi iyenera kuchitika Lachisanu la kumapeto kwa mwezi cha m'ma 10 koloko usiku, osati Lachiwiri masana mipando ili pamwamba pa matebulo.